Magemu owombera ndi magemu akale a m'manja okonzedwanso: oyenera ndalama yanu kuno ku Mangochi ndi ati?

Gemu ikatchuka ku Ulaya kapena ku America, musathamangire kutuma m'bale wanu wa ku Joni kuti akugulireni musanadzifunse ngati ingapirire moyo wa ku Mangochi. Olemba ndemanga akunja amasewera m'zipinda zozizira, magetsi osathima, intaneti yosawerengera bandulo. Kuno konsolo imakhala pashelefu m'nyumba ya malata m'mwezi wa Okutobala, fumbi likulowera pazenera, ndipo gemu ikapempha apudeti ya magigabayiti makumi angapo ndiye kuti yapempha ndalama ya ndiwo ya masiku ambiri. Tikayesa ndi muyeso wakunowu, magemu owombera atsopano ambiri amagwa, pomwe ena a zaka khumi zapitazo ndi magemu a m'manja okonzedwa bwino ndiwo amabweza ndalama ya wogula.

Tiyambe ndi imene aliyense amafunsa, Call of Duty: Black Ops 6 ya mu 2024. Kunena chilungamo, kagwiridwe ka mfuti m'gemu imeneyi n'kokoma kwambiri. Msilikali amatha kuthamanga, kutsetsereka kapena kudziponya pansi kulowera mbali iliyonse, ngakhale chambuyo, uku akuwombera, ndipo phokoso la mfuti iliyonse limakuuzani kulemera kwake. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Gemuyi imafuna intaneti nthawi zonse, ngakhale mukusewera nokha gawo la nkhani, chifukwa zithunzi zina imazikoka pa intaneti mukusewera. Disiki imene mwagula ndi chiyambi chabe. Zotsala muyenera kudawuniloda, ndipo zonse zikakhala pamodzi zimatha kudya malo opitirira 100 GB. Pa PS4 ya 500 GB ndiye kuti magemu ena achoke. Netiweki ikangoduka pakati pa mishoni, mumabwezedwa ku menyu. Kwa munthu wa ku Namwera kapena ku Makanjira wodalira MiFi, kugula disiki imeneyi n'kutaya ndalama.

Ngakhale amene ali ndi intaneti yamphamvu paboma kapena ku malo ogona alendo a m'mphepete mwa nyanja amakumana ndi vuto lina limene bandulo singathetse, ndilo ping, nthawi imene uthenga umatenga kupita ku seva, kompyuta yoyendetsa gemuyo, ndi kubwerako. Uthenga umayenda m'waya wa faiba makilomita pafupifupi 200 pa milisekondi imodzi. Seva ikakhala ku Ulaya, uthenga woti mwakanikiza batani umayenera kutuluka m'dziko muno, kukafika kugombe, kulowa m'mawaya a pansi pa nyanja yamchere, ulendo wa makilomita oposa 10,000, kenako yankho libwerere njira yomweyo. Pamenepo pokha mamilisekondi 100 apita, tisanawerengere kuchedwa kwa nsanja ya foni. N'chifukwa chake mumathawira kuseri kwa khoma, n'kufa muli kale kuseriko: pa sikirini ya mdani wanu munali mudakali poyera. Gemu ikakupatsani mwayi wosankha dera, sankhani seva ya ku South Africa nthawi zonse. Lumikizani konsolo ku rauta ndi waya wa LAN m'malo mwa Wi-Fi, ndipo pemphani a pakhomo ayimitse kaye mavidiyo pafoni, chifukwa chimene chimapha gemu yowombera kwambiri ndi ping yokwerakwera ndi kutsikatsika, kuposa ping yokwera yokhazikika.

Palinso nkhani ya NAT, imene imaonetsa ngati konsolo yanu ingalumikizane mosavuta ndi za anzanu pa intaneti. Mukalowa mu Settings, Network, Test Internet Connection pa PS4, mudzaona NAT Type 1, 2 kapena 3. Intaneti ya simu kadi nthawi zambiri imapereka Type 3, chifukwa makasitomala ambiri amagawana adiresi imodzi ya pa intaneti. Zotsatira zake ndi kuchedwa kupeza anzanu osewera nawo ndi kulephera kulankhulana pa maiki. Musavutike kutsegula mapoti pa MiFi yanu. Chitseko chotsekedwacho chili kumbali ya kampani, osati m'nyumba mwanu. Kumbukiraninso kuti pa PS4 ndi PS5 magemu ogula amafuna umembala wolipira wa PlayStation Plus kuti musewere ndi anthu pa intaneti, pomwe aulere monga Warzone ndi Fortnite safuna.

Ndiye munthu agule chiyani? Mwa Call of Duty zonse, imene imagwirizana ndi moyo wakuno ndi Black Ops II ya mu 2012, pa PS3 kapena Xbox 360. Anthu anayi amasewera pa TV imodzi, sikirini yogawidwa panayi, popanda intaneti, ndipo mutha kuthiramo asilikali oyendetsedwa ndi kompyuta kuti bwalo lidzaze. Mapu ake ndi aang'ono, omveka msanga. Hijacked, imene nkhondo yake imachitikira pa boti lalikulu, ili ndi njira ziwiri m'mbali, bwalo pakati ndi kanjira kapansi, kotero mwana amene wagwira padi koyamba amaidziwa pakangotha magemu awiri. Pa PS4, Black Ops III ya mu 2015 imalolanso anthu anayi pa TV imodzi, ngakhale kuthamanga pakhoma ndi kudumpha ndi jeti kumasokoneza oyamba kumene. Chenjezo limodzi: Black Ops III ya pa PS3 ndi Xbox 360 ilibe gawo la nkhani ndipo zithunzi zake n'zosalongosoka, choncho musaigule. Kwa mwini shopu ya magemu amene makasitomala ake atopa ndi mpira wokhawokha, TV ya mainchesi 43 kupita m'tsogolo ndiyo yoyenera anthu anayi. Pa ya mainchesi 32 mdani wakutali amaoneka ngati nyerere.

Ku Xbox, Halo: The Master Chief Collection ya mu 2014 ndi nkhokwe yeniyeni. Halo yoyamba ya mu 2001 ndiyo inazika malamulo amene magemu owombera a pa konsolo akutsatabe: kunyamula mfuti ziwiri zokha, bomba la m'manja kukhala ndi batani lakelake, ndi chishango chodzadzanso chokha mukabisala. Mdani safa msanga ngati mu Call of Duty, motero luso lotsatira munthu ndi mfuti limaposa mwayi woona mnzako poyamba. Anthu awiri atha kusewera nkhani yonse pa TV imodzi. Vuto lake ndi lakuti disiki yoyambayo inatuluka ikufuna apudeti ya pafupifupi 15 GB, ndipo Xbox One yatsopano kapena yofufutidwa siyamba ntchito isanalumikizidwe ku intaneti kamodzi. Pogula yogwiritsidwapo ntchito, pemphani wogulitsa akusiyireni magemu ali oikidwa kale. Halo 5 ilibe kugawa sikirini, ndiye ngati cholinga ndi kusewera ndi abale, idutseni.

Kwa wosewera yekha, magemu awiri a mu 2016 ndiwo sitikayika kuwayamikira. Titanfall 2 ili ndi nkhani ya maola asanu kapena asanu ndi limodzi yopanda chotaya. Mumasinthana pakati pa msilikali wopepuka wothamanga pamakoma ndi chiloboti cholemera chotchedwa BT-7274, ndipo pali mishoni ina imene batani limodzi limakusamutsani pakati pa nthawi yakale ndi yatsopano m'nyumba imodzimodzi: khoma limene lakutsekerani lero, kale panali khomo. Gemuyi sinagulidwe mmene inayenera chifukwa inatuluka pakati pa Battlefield 1 ndi Call of Duty ya chaka chimenecho, koma yakalamba bwino kuposa onse awiriwo. Doom nayo imakana chizolowezi chobisala kuseri kwa bokosi. Moyo subwerera wokha. Muyenera kumalizitsa mdani pafupi kuti agwetse mankhwala, ndi kumudula ndi sowo kuti agwetse zipolopolo. Kuima n'kufa. Imayenda mafulemu 60, kutanthauza zithunzi 60, pa sekondi pa PS4 wamba. Koma ili ndi magazi ambiri ndi zithunzi za ziwanda, ndipo chizindikiro chake ndi cha zaka 18, monganso Call of Duty. Eni mashopu aziyang'ana nambala imeneyi pa chikuto asanapatse padi mwana wa pulayimale.

Far Cry 2 ya mu 2008 tiitchule mwapadera, chifukwa ndi imodzi mwa magemu ochepa amene nkhondo yake ili m'tchire la mu Africa, m'dziko longopeka. Msilikali wanu amadwala malungo, maso amachita chidima pakati pa nkhondo, ndipo ayenera kufunafuna mapiritsi. Mfuti zotola kwa adani zimakhala zadzimbiri ndipo zimakanirira, moto ukayaka pa udzu wouma umathamanga ndi mphepo ngati lupsa la mu Seputembala. Kwa ife amene malungo timawadziwa m'nyumba zathu, kuwaona atasanduka chokometsera gemu sikusangalatsa kwenikweni, komanso anthu wamba a dzikolo saonekaoneka m'midzi yake. Malo a alonda amadzazanso adani mukangotembenuka, zimene zimatopetsa. Komabe dzuwa, fumbi ndi mitengo ya malambe anazijambula mwaulemu.

Gemu yabwino imaoneka yoipa ngati TV ndi padi sizinakonzedwe. Choyamba, yatsani Game Mode pa TV. Popanda iyo, TV imayamba yakometsa chithunzi isanachionetse, ndipo kuchedwa kumeneko kumatha kuposa fulemu zingapo. Pa mafulemu 60, fulemu imodzi ndi mamilisekondi 16.7 okha. Zimitsaninso chilichonse chotchedwa motion smoothing. Chachiwiri, musakweze sensitivity, liwiro limene mfuti imatembenukira mukakhudza analogi, mopikisana ndi anzanu. Yambani pansi, muzikweza pang'onopang'ono mpaka muzitha kutembenuka osapitirira mdani.

Kenako pali matenda a padi amene aliyense amawadziwa: mfuti kumayenda yokha musanakhudze analogi. M'kati mwa analogi muli tizitsulo tiwiri timene timakhula kanjira ka kaboni kuti tiyeze mmene mwapendekera. Kanjirako kamaperepeseka, fumbi ndi mchenga wa kunyanja n'kuwonjezera. Yambani ndi kukweza deadzone, kadera ka pakati pa analogi kamene gemu siiwerengera, mpaka mfuti itaima. Zikakanika, tsegulani padi, chotsani batire, donthezani isopropyl ya 90% kupita m'mwamba pa tizitsuloto, zungulizani analogi kangapo, dikirani iume. Musathire mafuta kapena sipiriti wachikuda uja wa m'golosale. Amasiya zotsalira zimene zimakola fumbi lina. Kuchira kwenikweni ndi kusintha analogi yonse, imene pa DualShock 4 ili ndi miyendo 14 yowotcherera, ntchito imene wokonza mafoni waluso wa pamsika angaithe. Ngati apezeka ma analogi a Hall effect, ogwiritsa ntchito maginito osakhulana, ikani amenewo. Ndipo m'shopu muzikhala beseni la madzi ndi sopo, chifukwa mafuta a kanyenya ndi tchipisi ndiwo amamatitsa mabatani.

Buku la PS4 limanena kuti makinawa azigwira ntchito pa kutentha kwa pakati pa 5 ndi 35 digiri, atatalikirana ndi khoma masentimita osachepera 10. Masana a Okutobala ndi Novembala kuno, pansi pa malata, malire amenewo amadutsidwa. Fani ikayamba kulira ngati injini ya boti, fumbi latseka zipsepse zoziziritsira. Pa PS4 Slim chivindikiro chapamwamba chimachoka ndi zala, kuyambira m'makona akutsogolo, osamasula sikuluwu. Gwirani fani ndi chala isazungulire pamene mukupemerera, pukutani mapiko ake ndi kaburashi. Phokoso likapitirira, makina atsegulidwe onse ndi sikuludiraiva ya Torx ya bowo pakati, phala lakale loziziritsira lipukutidwe pa purosesa, aikepo latsopano kadontho kofanana ndi njere ya nandolo. Musaike konsolo pansi kapena m'kabati yotseka. Mphemvu zimakonda kufunda kwa m'bokosi la magetsi la PS4, ndipo imodzi ikagunda mawaya awiri makina amathima osayakanso. Musapoperemo mankhwala; ikani pamalo okwera, poyera, kutali ndi zakudya.

Magetsi akathima gemu ikusunga, hadi disiki imasokonezeka. PS4 ikayamba kuchedwa kapena magemu kusowa pa menyu, izimitseni, gwirani batani loyatsira masekondi pafupifupi 7 mpaka ilire kachiwiri, lumikizani padi ndi waya wa USB, sankhani Rebuild Database. Izi sizifufuta magemu. Musakhudze Initialize, chifukwa imeneyo imasesa zonse. Ikani TV guard yodikira kaye magetsi akabwera, ndipo nthawi ya mvula ya ziphaliwali zulani pulagi kukhoma. Wogula Xbox 360 yochokera ku America ayang'ane cholembedwa pa chibokosi chake cha magetsi: cha 110V chikalowa pa 230V yathu chimapsa nthawi yomweyo. Wa sola awerengere motere: batire la 12V 100Ah lili ndi 1,200 Wh, koma la asidi siliyenera kutsika kupitirira theka, ndipo inveta imadyako, ndiye mutsala ndi pafupifupi 500 Wh. PS4 Slim ndi TV ya mainchesi 32 zimakoka pafupifupi 140 W, kutanthauza maola atatu ndi theka. PS5 yokha imakoka pafupifupi 200 W. Pamodzi ndi TV, maola awiri basi.

Masamu amenewa ndiwo amakometsa makina a m'manja. Batire la Nintendo Switch ndi la 4,310 mAh, ndipo pawabanki ya 20,000 mAh imalidzaza katatu. Ikakhala pa TV magetsi n'kuthima, mumangoinyamula n'kupitiriza pomwe munalekera. Koma Switch sizofanana. Yoyamba ya mu 2017 imakhala maola 2.5 mpaka 6.5; yokonzedwa ya mu 2019, imene nambala yake pansi imayamba ndi XK, imakhala 4.5 mpaka 9. Switch Lite ndi yotsika mtengo, koma silumikizika ku TV ndipo ma analogi ake ndi omangidwira m'thupi, kotero akayamba kuyenda okha makina onse amatsegulidwa. Switch imalandira katiriji ya dziko lililonse. 3DS, makina a m'manja akale a Nintendo, ayi: ya ku America imakana katiriji ya ku Ulaya kapena ya ku South Africa, chaja yake ya ku America ndi ya 110V, ndipo sitolo yake ya pa intaneti inatsekedwa mu Malichi 2023, ndiye magemu ake ndi a katiriji basi.

Gemu yokonzedwanso bwino imachotsa zimene makina akale ankalepheretsa, n'kusiya mtima wa gemu mmene unalili. The Legend of Zelda: Link's Awakening ndi chitsanzo chooneka bwino. Pa Game Boy mu 1993 panali mabatani awiri okha ogwirira zida, A ndi B. Kuti mudumphe dzenje, munyamule mwala, kenako mumenye mdani, munkatsegula menyu katatu m'mphindi imodzi. Ya pa Switch ya mu 2019 inapatsa lupanga, chishango ndi nsapato zothamangira mabatani awoawo, kunyamula miyala kumachitika kokha, ndipo X ndi Y zimatsalira zida zina. Kusintha kumeneku kokha kumapangitsa chilumba cha Koholint kuyendeka mokoma. Mapu ndi omwe aja, ndipo tizigoba tobisika tinawonjezeka kuchoka pa 26 kufika pa 50. Zofooka zilipo: mukamalowa dera latsopano, makamaka kudambo la Goponga, mafulemu amagwa kuchoka pa 60 kufika pa 30, ndipo gawo lomanga mapanga anuanu kwa Dampé ndi lozizira. Imatha m'maola khumi ndi angapo, ndiye ndi yabwino kugula yogwiritsidwapo ntchito n'kudzasinthana ndi mnzanu.

Pokémon Brilliant Diamond ndi Shining Pearl za mu 2021 zinalakwitsa mbali ina. Zinatsata Diamond ndi Pearl za mu 2006 mokhulupirika mopyola, n'kusiya zambiri zimene Platinum inakonza kale mu 2008. Exp. Share, imene imagawira Pokémon zanu zonse mapointi okulira, sizimitsika, kotero gulu lanu limakula kuposa adani ambiri a panjira. Choipa kwambiri kwa ife n'chakuti makatiriji oyamba anatuluka osakwanira: kanema woyambira ndi womalizira komanso zina za pambuyo pa ligi zinabwera ndi apudeti ya pafupifupi 3 GB. Yerekezani ndi HeartGold ndi SoulSilver za pa DS, zimene zili ndi madera awiri, Johto ndi Kanto, mabaji 16, ndi Pokémon yoyenda pambuyo panu, zonse zili m'katiriji. Vuto lake ndi zabodza zimene zadzaza msika. Katiriji yeniyeni ya HeartGold ndi yakuda, ndipo mukaiunika ndi tochi ya foni kumbuyo imaonetsa kufiira, chifukwa pulasitiki yake imadutsa kuwala kwa infrared kolankhulana ndi Pokéwalker, kachipangizo kowerenga mapazi kamene kankabwera ndi gemuyi. Kumbuyo kwalembedwa NTR-031. Yotuwa yolembedwa NTR-005 ndi yabodza, ndipo zotere zimakonda kuuma pakati pa gemu. Chimodzimodzi FireRed ndi LeafGreen za mu 2004: zenizeni zilibe batire m'kati, ndiye mukaona kabatire kudzera m'pulasitiki, bwezani.

Metroid ili ndi mwayi pa nkhani yokonzanso. Zero Mission ya mu 2004 inatenga gemu ya mu 1986 imene inalibe mapu, n'kuipatsa mapu, kayendedwe kofewa ndi gawo latsopano kumapeto. Samus Returns ya pa 3DS mu 2017 inachita zomwezo kwa Metroid II ya mu 1991, n'kuwonjezera kuloza mfuti mbali iliyonse ndi kubweza mdani akamakulumphirani, ngakhale kubwezako kumabwerezedwa mpaka kutopetsa m'maola oyamba. Advance Wars 1+2: Re-Boot Camp ya mu 2023 ndi ya mtundu wina, nkhondo yosinthana ngati bawo, ndipo anthu anayi atha kupatsirana Switch imodzi pakhonde popanda netiweki.

Wokonda kuwombera amene akufuna zonse ziwiri pamodzi agule Metroid Prime Remastered ya mu 2023. Yoyamba inali ya GameCube mu 2002, ndipo inkayendetsedwa ndi analogi imodzi. Yatsopanoyi inabweretsa ma analogi awiri monga magemu a masiku ano, imayenda mafulemu 60 osagwedera ngakhale m'manja, ndipo batani logwira mdani limachititsa kuti tianalogi tating'ono ta Joy-Con, mapadi a Switch, tisakhale chopinga. Simuwombera mosalekeza, nthawi yambiri mukufufuza njira ndi kubwerera m'malo akale ndi chida chatsopano, ndipo kusaka zinthu 12 zobisika kumapeto kumafuna kudekha. Dziwani kuti siisunga yokha. Mumasunga pokhapokha mukafika m'chipinda chosungira, ndipo zipindazo n'zotalikirana, makamaka m'migodi ya Phazon. Batire likatsika pa 15% muli kutali ndi chipinda chotere, kanikizani batani loyatsira kamodzi kuti makina agone, muwaike pa chaja, mudzapitirize pamalo omwewo.